Galimoto Yosalira ya a Alufandika

Ku galaja, Limbe
Lachinayi masana

Tiyamike mwana wanga,

Magetsi azima kuyambira m'mawa, ndiye kompresa yangoti zii, makina owotcherera nawo angokhala pakona. Ntchito palibe. Ndasamba m'manja kawiri ndi sopo wa ufa, koma ukaona zidindo za zala papepalali usadabwe, oyilo wa zaka zonsezi sachoka tsiku limodzi. Mawa tikukuperekeza ku Chileka kuti ukakwere ndege, ukaphunzire za mabatire ndi galimoto zoyendera magetsi. Ndikudzidziwa ndekha. Kumeneko ndikangoti "uyende bwino," kenako n'kuyamba kuyang'ana matayala a galimoto za eni ake. Pa nkhani zofunika pakamwa panga pamachita dzimbiri, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Pali mawu amene ndinakuyankhula omwe sindikufuna ukwere nawo ndege. Tsiku lija kalata yokuitana kusukulu inafika, mayi ako analulutira mpaka aneba athu ku Chilobwe anathamangira kwathu poyesa kuti kuli chinkhoswe. Ine pamaso pa anthu onsewo ndinati, "Ndiye ukupita kukaphunzira kupha ntchito imene inakulera?" Unangoweramitsa mutu n'kulowa m'nyumba. Miyezi itatu yatha tikupatsana moni ngati anthu okumana mu minibasi. Mayi ako andikalipira mpaka atopa. Ine ndakhala ndi manyazi, ndipo manyazi a munthu wamkulu kunjaku amaoneka ngati mkwiyo. Mawu amenewo ndikuwabweza. Koma kuti umvetse kumene anachokera, undilole ndikuuze zopusa zanga zingapo. Uziwerenge modekha, chifukwa malangizo anga ali momwemo, ena ndilibe.

Ndinafika mu Limbe muno kuchokera ku Nsanje pa sitima, ndili ndi malaya awiri ndi Chisena chokhachokha mkamwa. Amene anandiphunzitsa ntchito anali mdala wina wa Chiyao, pano anatisiya, ndipo chida chawo chachikulu chinali khutu. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini ikulira, chigwiriro n'kuchiika pakhutu, n'kutsinzina. Pakapita kanthawi ankatchula chimene chikudwala, ndipo tikamasula tinkapeza ndi chomwecho. Ine ndinasirira mpaka ndinayamba kutsinzina ndisanayambe kumva kalikonse. Tsiku lina iwo atachokapo kunabwera lole ikugogoda. Ine sikuludiraiva pakhutu, maso otseka, n'kulamula kuti titsitse injini yonse. Tinatha masiku atatu, mwini lole akutitukwana m'mawa ndi madzulo. Vuto linali bawuti imodzi yokhwefuka pa ekizozi. Mdala uja sanandikalipire. Anangoti, "Mwanawe, mawu akuti sindikudziwa sanaphepo munthu." Tiyamike, kumene ukupitako ukaona zinthu zomwe sunazionepo. Ukafunse, ngakhale akuseke chifukwa cha kayankhulidwe kako. Paja safunsa anadya phula. Usakatsinzine kuti anthu aziti ukumva pamene sukumva kanthu.

Khutu lija pambuyo pake linadzatseguka, ndipo ndikunena mosadzitama kuti mu Limbe muno linatchuka. Ndi khutu limeneli ndinakwatira mayi ako, ndinamanga nyumba ya ku Chilobwe, ndinakuphunzitsa sukulu. Koma munthu ukadziwa chinthu chimodzi kwambiri umayamba kunyoza zina zonse. Zipani zitachuluka m'dziko muno, galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera kunja nazo zinachuluka, ndipo zambiri zinalibe kabyuleta, chida chosakaniza mafuta ndi mpweya chimene ndinkachidziwa bwino. Zinkayendera kakompyuta. Ine ndinaima pakhomo pa galaja ino n'kulengeza kuti zimenezo ndi zidole, fumbi la kuno lizimaliza pasanathe chaka. Ndinkazibweza. Zaka ziwiri ndinakhala ndikusewera bawo pansi pa mtengo, galimoto zikundidutsa kupita kwa anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kugwira sipanala. Pamapeto ndinapita kwa mmodzi wa iwo, chipewa m'manja, kukamupempha kuti andionetse kagwiritsidwe ntchito ka kamakina koyezera matenda a galimoto. Ndinkayesa kuti ndaphunzirapo kanthu. Uona kutsogoloku kuti sindinaphunzire. Iwe ukaona chinthu chachilendo usakayambe ndi kuseka, ukayambe ndi kuchizungulira.

Tsopano nkhani ya a Alufandika. Ukuwadziwa, mnzanga wa takisi uja, wa kwathu komwe ku Nsanje, amene amakutchula kuti "injiniya" kuyambira uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nthawi ija mafuta anasowa, anthu n'kumakhala pamzere masiku atatu ndi zigubu, iwo anagulitsa galimoto yawo yakale n'kugula haibulidi, ija yoyendera mafuta ndi batire mosinthanasinthana. Tsiku limene anabwera nayo ndinangozindikira yaima kumbuyo kwanga osaimva. Ndinadzidzimuka mpaka kugwetsa sipanala.

"Iyi ndi galimoto kapena mfiti?" ndinawafunsa.

"Bambo a Tiya, inu zilirani ndi mainjini anuwo," anatero akuseka. "Ine ndikathira ka faifi lita ndimazungulira Limbe, Mandala, Ndirande mpaka kubwerera. Anzanga ali pa laini, ine ndili pa mseu. Ndipo dikirani, zikubwera zina zosamwa n'dontho lomwe, zongotchaja ngati foni."

"Kutchaja ndi chani? Magetsi ake ati? Omwe akukanika kuwiritsa ketulo ya tiyi kwathu ku Chilobwe ndi amene adzakankhe minibasi pa chitunda?"

"Nanga mafuta anuwo alipo? Tikuthamangitsana ndi mathanki ngati tikusaka mbewa."

Mkangano umenewu sunathe mpaka lero. Takangana pa bawo, takangana pa maliro, tinakanganapo ngakhale pabwalo la tchalitchi abusa akudutsa. Iwe utalowererapo unali kale ku koleji, ndipo mawu ako ndikuwakumbuka ngakhale ndinachita ngati sindikumva. Unati, "Bambo, mafuta amachokera kutali, amadutsa m'mayiko a eni, ndipo kukavuta kumeneko ife timaima. Koma dzuwa la ku Nsanje limene mumati linakuthamangitsani lija ndi lathu. Tisayambe ndi minibasi. Tiyambe ndi njinga zamoto za kabaza, batire likatha munthu n'kukasinthitsa ndi lodzaza ngati botolo pa okala, lina n'kumadzazidwa ndi sola masana." A Alufandika anawomba m'manja. Ine ndinati ndiwo zikuzizira, tiyeni tidye. Mumtima ndinanyada kwambiri, koma sindinakuuze.

Komabe usaganize kuti bambo ako amangotsutsa zilizonse. Pa nkhani ya magetsi ndili ndi chifukwa, ndipo chifukwacho ndinachipeza mochititsa manyazi. Uli wakhanda ndinkafuna kumagwira maganyu kunyumba Loweruka, ndiye ndinanyamula makina owotcherera kupita nawo ku Chilobwe n'kuwalumikiza pa waya wa m'nyumba, womwewo woyatsira mababu ndi wailesi. Mayi ako anati, "Kodi wayayu akwanitsa?" Ine ndinati magetsi ndi magetsi. Tsikulo kwa aneba kunali ukwati, zoimbira zili pamwamba, akwati atangoyamba kulowa. Nditangogunditsa ndodo yowotcherera pa chitsulo, m'nyumba munanunkha, pa pholo panathetheka, mzere wonse wa nyumba n'kuzima. Nyimbo inadukira pakati anthu miyendo ili m'mwamba. Akwati analowa ndi nyimbo za pakamwa, ndipo mayi a mkwatibwi anatha chaka osandipatsa moni. Ndinaphunzira kuti waya aliyense ali ndi katundu amene angathe kusenza, ndipo kufunitsitsa kwa munthu sikuwonjezera kukula kwa waya.

Ndiye ukakafika kumeneko n'kukuonetsa galimoto zonyezimira zikutchajidwa m'mbali mwa msewu, ukasirire ndithu, koma ukawafunse mafunso a kwanu. Ukawafunse kuti zimakhala bwanji magetsi akazima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ngati lero. Ukawauze kuti magetsi athu amadalira mtsinje wa Shire, ndipo madzi akachepa timazima, akasefukira timazimanso, namasupuni akatseka makina timazimabe. Ukawafunse chimene chingachitike anthu onse a ku Chilobwe atabwera ku ntchito madzulo n'kulumikiza galimoto nthawi yomweyo amayi akuphika, pa thiransifoma imodzi yomwe ija imalira ngati njuchi. Ukawafunse za batire lokhala pansi pa galimoto likakumana ndi maenje a msewu wathu, kapena madzi a mvula amene amadzaza mu Limbe mpaka m'mawondo. Likafa, adzalikonza ndani, ndipo tidzalitaya kuti? Mitsinje yathu yasenza kale zinyalala zokwanira. Akakanika kuyankha usakhumudwe. Mafunso amenewo ndiwo ntchito yako, ndi amene ndikufuna udzabwere utawayankha. Usakaiwale waya wa ku Chilobwe, Tiyamike. Ndikubwereza, usakaiwale waya wa kwanu.

Tsopano ndafika pa nkhani imene ndakhala ndikuizungulira kuyambira tsamba loyamba. Unalipo, koma ndikufuna uimve kuchokera kwa ine. Linali Loweruka, zaka ziwiri zapitazo, iwe uli pa holide, utakhala pa benchi la m'galaja ndi mabuku ako. A Alufandika anabweretsa haibulidi ija kuti ndisinthe oyilo. Aka kanali koyamba kuigwira, chifukwa m'mbuyomo ndinkaikana. Anaiimika pamwamba pa dzenje limene timalowamo pokonza kunsi kwa galimoto, n'kutsika kiyi ali m'thumba, wailesi ataisiya ikulengeza mpira. Ine ndinachita chimene ndachita moyo wanga wonse. Ndinaika khutu pa boneti. Zii. Ndinagwira ndi dzanja, palibe kunjenjemera. Kwa makaniko wa mtundu wanga, injini yosalira ndi injini yozima, ndipo palibe amene anandiuzapo zosiyana ndi zimenezo. Ndinatsikira m'dzenje, n'kumasula bawuti, oyilo yense n'kukhuthukira m'beseni. Kenako ndinalowetsa mkono mpaka paphewa, pakati pa fani ndi lamba, kufunafuna sefa ya oyilo.

Ndi pamene unakuwa. "Bambo! Tulukani! Galimotoyi ndi yoyaka!"

Unali utaona kanyali kobiriwira kakuwala kuseri kwa chiwongolero. Ndikuuze zoona, sindinasolole mkono chifukwa chokukhulupirira. Ndinausolola chifukwa chokwiya, kuti ndituluke ndikufunse amene anakuphunzitsa kukuwira bambo ako pamaso pa makasitomala. Dzanja litangotuluka, injini inadzilirira yokha. Palibe anaigwira. Lamba anazungulira pamalo pomwe panali chigongono changa, ndipo mphepo yake ndinaimva kumaso. Iwe unadziponya pawindo, miyendo ili kunja, n'kudina batani. Kunakhalanso zii, kupatula wolengeza mpira m'galaja ya aneba.

Pambuyo pake unatifotokozera kuti galimoto zimenezi zimaoneka zogona pamene zili maso. Wailesi ndi zoziziritsira mkati zinali zikudya batire, ndipo batire likatsika injini imadziyatsa yokha kuti ilidzaze, osafunsa ngati pansi pali munthu. Unati lamulo lake n'kuzimitsa ndi batani, kuonetsetsa kuti kanyali kazima, ndi kuika kiyi kutali. A Alufandika anakhala pansi pa simenti, thukuta lili kamukamu. Anati, "Bambo a Tiya, mwanayu mumuthokoze. Lero tikanakunyamulani." Ukukumbuka chimene ndinayankha? Ndinati, "Akanatha kuyankhula mwaulemu." Ndinatola sipanala n'kubwerera m'dzenje. Ndinakhala mmenemo nthawi yaitali osamasula chilichonse, chifukwa sindinkafuna kuti uone nkhope yanga.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndi mantha, mwana wanga. Si mantha a lamba ayi. Khutu limene linatidyetsa zaka zonsezi linandinamiza, ndipo amene anaona zoona anali mwana amene ndinkamunyamula kuti asuzumire mu boneti. Kalata yako itafika, anthu onse anamva kuti Tiyamike wapambana. Ine ndinamva kuti kukubwera galimoto zopanda injini n'komwe, zopanda oyilo, zopanda chomvera, ndipo mdala wa sikuludiraiva pakhutu adzangokhala choseketsa ana. Mantha amenewo ndi amene anayankhula tsiku lija. Iwe sunalakwe chilichonse. Phunzirapo pamenepa: ukalakwira munthu, kapena munthu akakuchitira chabwino, ukanene tsiku lomwelo. Mawu amenewa akagonera amauma ngati bawuti yadzimbiri, ndipo pomasula pake pamafunika mphamvu zochuluka kuposa zimene zikanafunika poyamba. Ine anditengera zaka ziwiri ndi kuzima kwa magetsi.

Zina ndi zazing'ono, ndipo mayi ako akuuza kale kambirimbiri, koma nane ndinenepo. Uzikadya, usakakhalire tiyi ndi buledi chifukwa cha mabuku. Akuti kumeneko kumazizira kuposa ku Bangwe mwezi wa Juni, ndiye juzi ija usaione kunyasa. Ukapeze tchalitchi, ngakhale nyimbo zake zikhale zogonetsa. Mayi ako uziwaimbira Lamulungu lililonse, ndipo ukapeza foni yawo yazima usadandaule, ukudziwa kale chifukwa chake. Za anyamata sindinena zambiri. Amene adzakuuze kuti uchepetse nzeru kuti iye aoneke wamtali, umusiye pomwepo. Mayi ako akanamvera zimenezo bwenzi nyumba yathu itapsa kalekale. Ndipo ukakhala pakati pa anthu ophunzira, usakachite manyazi kunena kuti unakulira m'galaja. Amene anayamba wagwirapo sipanala yotentha amamvetsa zinthu zina zimene buku silinena.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha iwe, Tiyamike. Dzina limeneli tinakupatsa chifukwa unabwera titadikira zaka zisanu, ndipo sitinadziwe kuti tidzakhala tikulitchula ndi chifukwa chatsopano chaka chilichonse. Ndikuthokoza kuti sunanyansidwe ndi bambo wonunkha dizilo pa misonkhano ya makolo kusukulu. Ndikuthokoza kuti unkanditsutsa, ngakhale ndinkakuyankha ndi nkhani ya ndiwo. Ndikuthokoza kuti miyezi itatu yonseyi, ndili chikwiyire chopanda pake, m'mawa uliwonse ndimapeza foni yanga yodzaza, utaitchaja pa kasola kako kaja ndinkakaseka. Unkayesa kuti sindikuona?

M'chikwama chako chachikulu, pansi pa nsapato, ndaikamo sikuludiraiva yaitali ija. Mayi ako andichenjeza kuti ndisaike m'kachikwama ka m'manja, angakulande pa bwalo la ndege. Ndi yomwe anandisiyira mdala wa Chiyao uja. Ndikudziwa kuti galimoto zako zilibe injini yoti uimvere, koma chilichonse chozungulira chimadandaula chisanafe, ndipo tsiku lina kompyuta idzakuuza kuti zonse zili bwino pamene sizili bwino. Pamenepo udzagunditse nsonga, udzamvetsere. Ine ndatsala ndi ina yaifupi, indikwanira.

Za mkangano wathu, sindinagonje ayi, a Alufandika asamve molakwa. Ndikunenabe kuti mawaya a dziko lino sanakonzeke, ndipo umboni wake ndi kompresa yangayi. Koma ndasiya kunena kuti sadzakonzeka. Wina ayenera kukaphunzira kuti adzawakonze, ndipo ngati winayo ndi mwana wanga, ndine ndani kuti ndiime pakhomo? Pita ukaphunzire zonse, usasiyeko kanthu. Ukadzabwera udzapeza galaja ino ilipo. Ndagula magolovesi a mphira ochindikala, aja unati ndi ogwirira mawaya a batire lalikulu, ndipo ndawapachika pa msomali pafupi ndi kaovololo kako ka ubwana. Sindiwagwiritsa ntchito mpaka udzandionetse. Ndinaphunzirapo kwa mdala, ndinaphunzirapo kwa anyamata anga omwe, sindingalephere kuphunzira kwa iwe. Udzangondipirira, chifukwa mutu wayamba kulimba.

A Alufandika akubweretsanso galimoto yawo sabata yamawa kudzasintha oyilo. Ndidzawalanda kiyi, ndidzamuika m'chitini cha mabawuti kuseri kwa galaja, ndidzasuzumira kawiri ngati kanyali kazima, ndipo mpira akamvere kwawo. Usade nkhawa za ine.

Magetsi sanayakebe ndipo pepala latha, ndiye ndinene chimene ndinayenera kunena ndili m'dzenje muja. Ndichinena m'chiyankhulo cha kwathu ku Nsanje, chimene agogo ako ankanena pothokoza, atagwira dzanja la munthu ndi manja awiri. Takhuta, mwananga. Takhuta kwene kwene. Kalata yonseyi ndailemba ndi dzanja lamanja, lomwe lija linali pakati pa fani ndi lamba, ndipo zala zake zilipo zonse zisanu. Mawa ku Chileka ndikakanika kuyankhula, udzangoligwira.

Ndine bambo ako.